Mfuti Yabuluu ya Mayi Pruitt

Kalata imene Darlene Pruitt, mphunzitsi wa ana aang'ono, anabwera nayo kuchokera kusukulu Lachisanu lija inali ya tsamba limodzi lokha, koma inamulanda chilakolako cha chakudya. Komiti yoyendetsa sukulu ya ku Corbel inkafuna aphunzitsi ndi antchito ena oti azibisa mfuti m'chiuno akamagwira ntchito. Mayina awo akhala achinsinsi. Pansi pa kalatayo panali mzere woti munthu asainepo, ndipo yankho linkafunika pamsonkhano wa komiti, patatha masiku khumi.

Ganizoli silinangobwera lokha. Mwezi wapitawo, kusukulu ina yakutali, munthu analowa ndi mfuti n'kupha ana, ndipo tonse tinaonera pa wailesi ya kanema makolo akulira kunja kwa mpanda. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsono kwathu kuno, kumadzulo kwa Texas, mukaimbira apolisi amatha mphindi makumi anayi asanafike, chifukwa pakati pa ife ndi iwo pali minda ya thonje ndi makola a ng'ombe basi.

Chifukwa chimene a Sturgis, mkulu wa sukuluyo, anayambira ndi Darlene chinali chodziwika kwa aliyense. Chaka chilichonse mu Novembala, ozimitsa moto amachititsa mpikisano woombera chandamale kuseri kwa bwalo la mpira, ndipo wopambana amapita kwawo atanyamula nkhukundembo. Darlene anali atapambana zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana. Amuna a matama awo ankabwerera chimanjamanja, akunamizira mphepo.

Mwamuna wa Darlene, Wendell, mlimi wa ng'ombe, anawerenga kalatayo kawiri patebulo, nyemba ndi chikondamoyo zikuzizira. Mdzukulu wawo Maisie anali atadya kale ndipo ankathamangitsana ndi galu panja. Mwanayu anali wa zaka zisanu. Ankakhala ndi agogo akewo popeza mayi ake ankagwira ntchito kumzinda, ndipo mwanayu ankaphunzira m'kalasi mwa Darlene momwemo.

"Ndiye mukudikira chiyani, mayi?" anatero Wendell, nkhope ili mwee. "Cholembera si icho?"

"Ndikufuna ndiganize kaye."

"Muganize chiyani? Inu mumalasa chitini chili kutsidya kwa khola. Mukakana inu atenge ndani? A Sturgis aja, oti chaka chatha anaphonya pepala n'kulasa mpanda?"

Darlene anaseka, koma kunali kuseka kwa pakamwa chabe. Anali atagwira njakata. Akakana, kenako tsiku lina woipa n'kulowa iye ali ndi choko m'manja, adzawayang'ana bwanji makolo a ana khumi ndi asanu ndi awiri a m'kalasi mwake? Nanga akavomera, bwanji mtima wake sunkakhazikika? Iye sankaopa mfuti, anakulira nazo. Chimene chinkamuopsa sankatha kuchitchula dzina.

Safunsa anadya phula. M'mawa mwake anatenga mazira n'kuwoloka msewu kupita kwa mnansi wake, mayi Ramona Villegas. Mayiwa anagwirapo ntchito yaupolisi kumzinda zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka khumi zomaliza ankaphunzitsa apolisi anzawo kuombera. Tsopano anali atapuma, akulimbana ndi tomato wawo amene dzuwa la kuno silimumvera chisoni.

Mayi Villegas anawerenga kalatayo, natsanulira mlendo wawo khofi. Sananene kuti eya, sananenenso kuti ayi. Anangoyamba kufunsa.

"Darlene, tiana tako tija tikamakukumbatira, mitu yawo imafika pati?"

Dzanja la Darlene linapita lokha m'chiuno.

"Nanga pepala umaombera mu Novembala lija, linayamba lathawapo? Linayamba lakubwezerapo chipolopolo? Kumbuyo kwake kumakhala ana akuthamanga uku ndi uku?"

"Ayi."

"Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mnzanga. Ine ndaona apolisi odziwa ntchito akuphonya munthu ali pafupi ngati pachipata apo, chifukwa cha mantha. Ndipo wolowayo mwina sadzakhala mlendo. Mwina adzakhala mnyamata amene iwe unamugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba dzina lake."

Anafotokoza kuti sukulu zina zinasankha njira imeneyi, ndipo sankazinyoza, popeza mtunda wopita kupolisi ndi vuto lenileni. Koma anati mfuti si chithumwa choti ukangovala basi watetezeka. Ndi ntchito yachiwiri imene imafuna mutu wa munthu tsiku lonse, pamene mphunzitsi wa ana aang'ono mutu wake uli kale ndi eni ake.

Atatero analowa kuchipinda, natuluka ndi mfuti yabuluu. Inali ya pulasitiki yolimba, yopanda bowo, yopanda chipolopolo, imene apolisi amaphunzirira nayo. Kukula kwake ndi kulemera kwake kunali ngati mfuti yeniyeni. Anaiika patebulo pamodzi ndi kachikwama kake kapalamba, kenako anatapa nyemba zouma m'chitini.

"Uivale pansi pa juzi sabata yonse. Nyembazi uike m'thumba lakumanja. Mwana akaigunda, kapena iwe ukaivula, usamutse nyemba imodzi kupita kumanzere. Lachisanu ubwere tidzawerenge, ndiye udzasaine kapena ayi."

Anaimbira a Sturgis nthawi yomweyo kuwapempha chilolezo, ndipo iwo anavomera. Wendell atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anati mkazi wake, katswiri wa boma lonse, wasanduka wonyamula zidole.

Lolemba m'mawa belu lisanalire n'komwe, nyemba zitatu zinali zitasamuka. Ana a zaka zisanu sapereka moni ndi pakamwa pokha, amabwera akuthamanga n'kudzakumata m'chiuno. Wina anagunda mutu pamfutiyo n'kufunsa ngati aphunzitsi ameza mwala. Darlene akawerama kuti amange zingwe za nsapato, juzi inkakwera kumsana. Akakhala pansi pamkeka kuti awerenge nthano, ana awiri ankalimbirana mbali yomweyo imene kunali mfuti.

Lachiwiri anayamba kuwakankha. Mwana akamabwera manja ali tambalale, iye ankatembenuka n'kumupatsa chigongono. Kamtsikana kena, kamene kwawo kunali mavuto, kanamuyang'ana modabwa n'kupita kukakhala pakona. Zimenezi zinamupweteka Darlene koopsa. Pazaka makumi atatu zauphunzitsi anali asanakanepo mwana womukumbatira.

Lachitatu ndiye linali tsiku lake.

Kalasi ya ana aang'ono ili ndi kachimbudzi kake m'kati momwemo, popeza tianato sitingadalirike kuti tikafika kutali. Masana, ana atagona pamikeka kuti apumule, Darlene analowa m'kachimbudzimo mwachangu, poti panalibe womusiyira kalasi. Mfuti inkakoka lamba, choncho anaivula n'kuiika pamwamba pa thanki ya madzi, monga amachitira anthu ambiri amene amayenda ndi mfuti m'chiuno. Akusamba m'manja anamva kulira. Mwana wina anali atayamba kamfuno, magazi ali chuchuchu pamalaya. Darlene anatuluka akuthamanga, namutsina mphuno, namupukuta, namutonthoza, nalembera makolo ake kakalata. Za mfuti zinachokeratu m'mutu.

Panapita mphindi ngati makumi awiri. Ali chowerama patebulo lake, anamva kumukoka juzi. Atatembenuka anaona Maisie ataima patsogolo pake. Mwanayo anali atagwira mfuti yabuluu ija ndi manja awiri, diso limodzi atatsinzina, kachala kali pokhethemulira, ataloza pamimba pa agogo ake.

"Agogo, mwaiwala chinthu chanu m'chimbudzi," anatero Maisie. "Koma ndi yakufa. Ndayesa kumuombera Colby katatu, siikulira."

Darlene anayang'ana Colby, kamnyamata ka mano obooka kutsogolo, kakumwetulira pamkeka wake, kamoyo, kopanda bala. Anatenga mfutiyo pang'onopang'ono, naitsekera m'kabati, nanyamula Maisie n'kumufumbata mpaka mwanayo anadandaula kuti akumupweteka. Mumtima ankangobwereza mawu amodzi, kuthokoza Mulungu ndi kuthokoza mayi Villegas kuti chinthucho chinali pulasitiki.

Madzulo amenewo dzuwa lisanalowe Darlene anapeza Wendell akumwetsa ng'ombe madzi, namufotokozera zonse. Poyamba bamboyo anafuna kuzichepetsa.

"Koma pajatu ndi pulasitiki, mayi. Ikanakhala yeniyeni simukanaiiwala."

"Ndikanaiiwala, Wendell. Mwana akamatuluka magazi ine sindikumbuka china chilichonse, ndipo n'chifukwa chake makolo amandisiyira ana awo. Koma mukudziwa m'mene anaigwirira? Manja awiri, diso limodzi chotsinzina. Ndi ndani amaombera zitini chonchi pakhomo pano, mwana akuonerera?"

Madzi anayamba kusefukira m'chomwera. Wendell anatseka mpopi, napita ku galimoto yake, natulutsa mfuti imene inkakhala kuseri kwa mpando. Analowa m'nyumba n'kutenganso ina imene inkatsamira kuseri kwa chitseko cha kukhitchini chifukwa cha ankhandwe ovutitsa nkhuku. Zonse ziwiri zinali ndi zipolopolo m'kati, ndipo zonse ziwiri zinali pamalo oti Maisie akanatha kufikira. Anachotsa zipolopolozo. M'mawa mwake anayenda ulendo wa ola lathunthu kukagula kabati yachitsulo yokhala ndi loko, ndipo za zidole sanazitchulenso.

Darlene sanadikire Lachisanu. Anabweza mfuti yabuluu ija Lachinayi lomwelo, nakhuthulira nyemba patebulo la mayi Villegas. Zinali makumi atatu ndi imodzi. Koma mantha ake oyamba aja anali akadalipo.

"Kusaina sindisaina," anatero. "Koma ndiye ndingoima chimanjamanja? Woipa akabwera ndidzamuponyere choko?"

"Ndani wanena kuti chimanjamanja?" anayankha mayi Villegas. "Mawa ana akaweruka tikazungulire sukulu yako, uitanenso a Sturgis. Ndikufuna ndiione ndi maso a munthu wofuna kulowa."

Sanayende nthawi yaitali. Kuseri, pakhomo la kukhitchini ya sukulu, anapeza mwala waukulu utatchinga chitseko kuti chisatsekeke. Chitsekocho chimadzikhoma chokha, ndiye amayi ophika anatopa n'kuzungulira kutsogolo akapita kukataya zinyalala. Mwalawo unakhala pamenepo zaka zambiri mpaka ana anaupenta maso ndi pakamwa. Tonse tinkaudziwa, tonse tinkaudumpha, ndipo palibe amene anauona ngati vuto.

Atafika pakalasi ya Darlene, mayi Villegas anamuuza kuti akhome chitseko ngati kuti wamva kulira kwa mfuti. Darlene anafufuza makiyi m'chikwama, natuluka panja pa kalasi, chifukwa maloko a sukulu yathu ankakhomedwa kuchokera kunja. Anaima m'khonde momwemo kiyi ali m'manja, nazindikira yekha kuti waima pamalo enieni amene woipayo angadutse. Kenako mayi Villegas anapempha a Sturgis kuti aimbe foni ali m'kati mwa nyumbayo. Foni inakana, popeza makoma ake ndi okhuthala, ndipo aphunzitsi onse ankadziwa kuti wofuna kuimba amakaima pafupi ndi mtengo wa mbendera.

A Sturgis anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. "Ife timathamangira mfuti, chonsecho khomo lili pululu," anatero.

Lolemba la msonkhano, chipinda chowerengeramo mabuku chinadzaza mpaka ena anaima kukhoma. Lamulo la komiti yathu ndi lakuti aliyense wofuna kuyankhula amalembetsa dzina pakhomo ndipo amapatsidwa mphindi zitatu, kaya ndi m'busa kaya ndi wokolopa. A Lassiter, mphunzitsi wa masewera, anayankhula zomveka. Anati mphindi makumi anayi n'zokwanira kuti woipa amalize sukulu yonse, ndipo iwo sangapirire kubisala pansi pa tebulo ana akufa. Ambiri anaomba m'manja, ndipo Darlene naye anaomba, chifukwa ankadziwa kuti bamboyo akuyankhula ndi mtima wokonda ana.

Dzina la Darlene litaitanidwa, anapita kutsogolo n'kuika mfuti yabuluu patebulo la komiti. Pambali pake anakhuthulapo nyemba zija.

"Nonse mukundidziwa," anayamba motero. "Ena mwa inu ndakulandani nkhukundembo kangapo konse." Anthu anaseka. "Chinthu ichi ndachivala masiku atatu okha. Nyemba iliyonse apa ndi mwana amene anachigunda, kapena nthawi imene ndinachivula. Tsiku lachitatu ndinachiiwala m'chimbudzi, ine amene mumanditcha katswiri. Mdzukulu wanga anachitola n'kuloza mnzake katatu. Mayi ake a Colby, muli kumbuyoko, mundikhululukire. Mwana wanu ali moyo chifukwa mnansi wanga anandipatsa pulasitiki m'malo mondipatsa chilimbikitso."

Darlene anagwiritsa ntchito mphindi yotsalayo kunena za mwala, za maloko ndi za foni. Sanauze komiti kuti a Lassiter akulakwa. Anangopempha kuti asanaike mfuti pakati pa ana, ayambe atseka zimene zili zotsekula.

Wotsatira pamndandanda anali Wendell, zimene zinadabwitsa ngakhale mkazi wake, popeza bamboyu pagulu amangoyankhula za mtengo wa udzu wa ng'ombe. Anaima chipewa chili m'manja.

"Ine ndi amene ndinkamukakamiza kuti asaine," anatero. "Ndinkaopa mlendo wochokera kutali, chonsecho mfuti ziwiri zodzaza zinali m'nyumba mwanga, pamsinkhu wa mwana. Anzanga, tonse muno tili nazo. Mukafika kunyumba mukaone pamene zanu zili."

Mayi Villegas anayankhula pomaliza, nayankha mafunso a komiti mofatsa. Anati mfuti pasukulu, ngati ikufunika, ikhale m'manja mwa munthu amene ntchito yake ndi imeneyo basi, wophunzitsidwa mobwerezabwereza, wosafunika kupukuta mamina a ana. Anakumbutsanso makolo kuti mwana akayamba kunena zoopseza anzake, kapena akasintha khalidwe, kuuza aphunzitsi msanga si kumupereka koma kumupulumutsa.

Komiti inavota, asanu kwa awiri, kuti ganizo lopatsa aphunzitsi mfuti liyambe laima, ndipo lidzaunikidwenso pakatha chaka. Inagwirizana zoika maloko okhomera m'kati pamakalasi onse, kupatsa mphunzitsi aliyense kawailesi koyankhulira ndi apolisi, ndi kupempha akuluakulu a boma lathu kuti wapolisi mmodzi azikhala pasukulu nthawi ya maphunziro. A Lassiter sanakondwe ndi zonse, koma ndi iwo amene anadzipereka kuyang'ana zitseko m'mawa uliwonse. Amayi ophika anapatsidwa makiyi awoawo. Mwala uja sunatayidwe, anausamutsira pamaluwa kutsogolo kwa ofesi, ndi maso ake omwewo.

Pofika mwezi wa Okutobala zonsezi zinali zitachitika. Tsiku loyeserera zangozi, Darlene anakhoma chitseko cha kalasi yake ndi dzanja limodzi ali m'kati, ana onse ali kumbuyo kwake, ndipo wapolisi anafika pakhomopo mphindi imodzi isanathe. Kamtsikana kaja kanayambiranso kumuthamangira m'mawa, ndipo iye ankakalandira ndi manja onse awiri.

Mu Novembala, kuseri kwa bwalo la mpira, Darlene anapambananso kachisanu ndi chiwiri. A Sturgis ulendo uno analasa pepala, koma la munthu woyandikana nawo. Mpikisano utatha, Darlene anachotsa zipolopolo mumfuti yake, Wendell anakatsekera mfutiyo m'kabati yachitsulo, ndipo awiriwo pamodzi ndi Maisie anawoloka msewu atanyamula nkhukundembo ija.

"Nanga ine ndekha ndimaliza chimbalame chonsechi?" anafunsa mayi Villegas pakhomo.

"Tibwera kudzakuthandizani," anatero Wendell. "Koma ndi yanu. Pakanapanda inu, chikondwerero choyamika Mulungu cha chaka chino bwenzi tikudyera misozi."

Darlene anangogwira dzanja la mayiwo, Maisie atamumata m'chiuno monga mwa masiku onse, pamalo pamene panalibe chilichonse choti chimugunde mutu.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Kudziwa kuombera si kudziwa kuteteza ana, ndipo mantha asatithamangitse kusaina zimene sitinaziyese. Nkhani yokhudza chitetezo cha ana ikabwera pasukulu yanu, funsani odziwa, pitani kumsonkhano mukanene zimene mwaona ndi maso anu, ndipo mumvere ngakhale amene simukugwirizana nawo. Koma musanapite kumeneko, yambani ndi zimene zili m'manja mwanu lero: tsekani khomo limene lili lotsekula, ndipo mfuti ya pakhomo panu muichotse zipolopolo n'kuikhomera pamene mwana sangafike.